Mathero amene ndinawapekera amayi

Mabuku a zophana ndinayamba kuwakonda ndili ku sekondale, ndipo ngakhale nditayamba ntchito yolandira alendo pa ofesi ina ku City Centre sindinasiye. Nthawi ya lanchi anzanga amathamangira tchipisi ndi miseche, ine ndimakakhala pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi ndi buku langa. Ndimawagula ku Old Town, kwa bambo wina amene amayala mabuku akale pa chiguduli pafupi ndi msika, pakati pa ogulitsa nsapato za kaunjika ndi ogulitsa machaja a foni. Ambiri amachokera m'nyumba za azungu ku Area 12 ndi ku Area 43. Bwana akamabwerera kwawo amasiyira gadeniboyi katoni ya mabuku, iye n'kudzaitula kwa bambo aja.

Mabuku amenewa ali ndi lamulo lake. Munthu amene aliyense akumuloza chala kumayambiriro sakhala wakuphayo. Wolemba amakuzunguliza, amakunamiza, koma kumapeto wolakwa weniweni amapezeka ndipo wonamiziridwa uja amamasulidwa. Ine lamuloli ndimalikhulupirira monga ndimakhulupirira kuti Lamulungu likatha kumabwera Lolemba. Ndinali ndisanakumane ndi buku lolembedwa ndi munthu waulesi.

Chaka chimene ndikunenachi amayi anga amakhala ndi ine ku Area 3, m'kanyumba ka antchito kamene ndimachita lendi kuseri kwa nyumba yaikulu. Sanabwere kudzacheza ayi. Anachita kuthawitsidwa kumudzi.

Zinayenda chonchi. Mwana wa amayi aang'ono, mwamuna wa mphamvu zake, wa pabanja kale, anadandaula mutu Lachiwiri, pofika Lachinayi anali atapita. Kuchipatala anati anali matenda oumitsa khosi. Koma amayi ndi mng'ono wawoyo anali atakangana chaka cham'mbuyo za malire a dimba, ndipo mudzi wonse umadziwa. Tsiku loika maliro, adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula bokosi aja, anangoyenda pang'ono n'kuyamba dzandidzandi. Akuti bokosi likukana njira ya kumanda, likuwakoka. Kwathu zikatero anthu amati womwalirayo akufuna aloze amene wamudya. Linawakoka kudutsa pakati pa amayi oimba nyimbo, kudutsa pa nkhokwe, mpaka linakagunda chitseko cha amayi anga katatu, go, go, go.

Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Ndinaonanso kuti awiri mwa onyamulawo anali alamu ake a malemu, ndipo kachasu amamveka ukadali patali. Koma akanandimvera ndani? Amayi anali ndi chidebe pamutu, akuchokera kumjigo kukatungira madzi anthu a pamaliro pomwepo. Alongo anga, amene ndi mlonda ku Area 43, anawatula chidebecho, kuwagwira dzanja n'kulowa nawo m'chimanga miyala isanayambe kuuluka. Tsiku lomwelo anali m'tauni, ndi chitenje chomwe anavalacho basi.

Miyezi inayi sanatuluke pa geti. Munthu amene moyo wake wonse amadzuka ndi khasu anasanduka wosesa bwalo la simenti kawiri pa tsiku. Kutchalitchi anakana, kumsika anakana. Kudya amangolawa kuti ndisadandaule. Wina akagogoda pa geti la bwana, kaya wogulitsa masamba kaya wowerenga mita ya madzi, amayi amaimirira tsonga, maso ali pa chitseko, mpaka phokosolo lithe. Kulankhula kunali kwa moni ndi kuyankha moni. Ndimawaona akutha ngati sopo, ine n'kusowa mtengo wogwira.

Buku limene ndikufuna kunenali linali lonenepa, chikuto chake chong'ambika theka. Bambo wa mabuku uja pondipatsa anaseka, akuti sisi ili ndi lanu, muli ufiti wachizungu. Sindinaseke nawo, koma ndinalitenga. Nkhani yake inali ya ku Ulaya kalekale, kulibe magetsi, kulibe mfuti, anthu akumenyana ndi malupanga. Mwini chigayo cha pamudzi wina anapezeka atafa m'mbali mwa mtsinje, pakamwa pali thovu. Anthu anagwira mzamba wa pamudzipo, mayi wamasiye wachikulire wodziwa zitsamba, kuti ndi mfiti ndipo wamulodza. Wansembe wina anatumidwa kuti akafufuze asanamuweruze.

Tsiku lina nditaweruka ndinakhala pa sitepe ya khonde ndi bukulo, amayi akusankha nyemba m'lichero. Anandifunsa kuti kodi m'mapepalamo mumakhala chiyani kuti munthu mpaka aiwale kuvula nsapato. Ndinawauza mwachidule zomwe ndanenazi. Lichero linatsika pansi.

"Azungu?" anatero. "Azungu amaopanso mfiti? Ine ndimayesa ndi matenda a ife tokha."

Amenewa anali mafunso awo oyamba pa miyezi inayi. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga pa lanchi ndi m'minibasi, ndikafika kunyumba dzuwa lisanalowe n'kuwafotokozera m'Chichewa, buku lili pamiyendo. Chisanu cha kwawoko ndimati ndi Juni wa ku Dedza kuwirikiza kakhumi. Bwana wa malo ndimati ndi mwini esiteti. Amayi amamvetsera manja ali pa tsaya.

Kulakwa kwanga kunali kwakuti ndinayamba kugawa ndiwo ndisanalawe. Bukulo ndinali ndisanalimalize, mathero ake sindimawadziwa. Ndiye amayi atandifunsa, mawu ali pansi, ngati mayiyo adzapulumuke, ndinayankha ngati mwini wake wa nkhani. Ndinati asadandaule, mabuku awa ine ndimawadziwa, amene akumuloza sakhala iyeyo. Ndinalumbira ndithu.

Kunena zoona bukulo linali loipa kuyambira pakati, ndipo ndimayenera kuchenjera. Wansembe uja m'malo mofunsa anthu mafunso amangokhalira kudya. Masamba asanu akudya nyama ya nkhumba, masamba ena asanu akuyamikira mawindo a tchalitchi. Kenako wolembayo analowetsamo chibwenzi cha msilikali ndi mtsikana wogulitsa mowa chimene sichimakhudza maliro olo pang'ono. Anthu amalowa m'nkhani ndi mayina atatuatatu n'kusowa osatsanzika. Kangapo konse ndinafuna kuliponya pa windo la minibasi pa mlatho wa Lilongwe. Koma kunyumba kunali munthu wodikira, ndiye ndimapeta, mankhusu ndimataya, amayi ndimawapatsa maso okhaokha.

Ndipo anadzuka, ndikunena zoona. Anayamba kumaliza chakudya m'mbale. Anayamba kumukalipira wansembe uja ngati akumuona, akuti munthu wa Mulungu wanji wa mimba chonchi, bwanji osakafunsa mkazi wa malemu kuti anali kuti tsiku limenelo. Oganiziridwa analipo atatu, mkaziyo, mwini malo ndi mchimwene wake wa malemu. Amayi anasankha mchimweneyo osaphethira, akuti mlendo sangakuphe chifukwa sadziwa chimene uli nacho. Mzamba uja anasiya kumutchula kuti mzamba. Ndikangolowa pa geti, chikwama chikadali paphewa, amandilandira ndi funso loti mnzanga uja wagona bwanji lero.

Panali chigawo china chimene ndinafuna kudumpha koma anandigwira. Anthu a m'mudzimo anamanga mayiyo manja ndi miyendo n'kumuponya padziwe. Akuti akamira ndiye kuti ndi wosalakwa, akayandama ndi mfiti. Amayi anandiuza ndibwereze. Ndinabwereza. Anafunsa kuti nanga womirayo amamuuza ndani kuti wapambana mlandu, poti wafa kale. Ndinati sindikudziwa, koma pano wansembe anamuvuula asanamire. Kenako anati ndiye bokosi lawo azungu ndi limenelo. Tsiku limenelo sanafune kumva zina.

Masamba omaliza ndinawerenga Lachisanu pa lanchi, pansi pa mtengo wanga uja. Anali masamba asanu ndi awiri okha, ine ndikudabwa kuti wolakwa apezeka bwanji m'kampata kochepa chonchi. Sanapezeke. Mzamba uja anangoimirira pabwalo la milandu n'kuvomera yekha kuti anathira chiphe m'mowa wa mwini chigayo, chifukwa cha mwana wake wina amene buku lonse silinamutchulepo n'kamodzi komwe. Anavomeranso kuti amakumanadi ndi Satana m'nkhalango. Anamuotcha tsiku la msika, wansembe anapukusa mutu n'kupita kukadya. Basi, buku latha.

Ndinalimenyetsa pansi. Ndinatukwana mokweza mpaka mayi wogulitsa nthochi pamsewu anatembenuka. Munthu kundiyendetsa mtunda wonsewu kuti andiuze kuti gulu lija limanena zoona! Kuti oponya munthu padziwe aja anali anzeru! Ndikanamupeza wolembayo ndikanamufunsa ngati anagonapo m'nyumba imodzi ndi munthu wolozedwa chala. Mkwiyowo utatsika ndinakumbukira kuti kunyumba akundidikira.

Madzulo amenewo nditatsika minibasi ku Old Town ndinayenda wapansi kukwera ku Area 3, pang'onopang'ono ngati wopita kukapepesa maliro. Pofika pa geti ndinali nditapeka mathero anga. Ndinawauza amayi kuti analondola, wakupha anali mchimwene uja, amafuna chigayo. Wansembe anapeza kabotolo ka chiphe padenga la nyumba yake. Mzamba anamasulidwa zingwe pamaso pa anthu onse n'kuyenda yekha kubwerera kunyumba kwake, mutu uli m'mwamba. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma bodza likayamba kukoma wonamayo amaiwala polekezera. Ndinawonjezera kuti akazi a m'mudzimo anagwidwa manyazi, anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi ufa, wina ndi mtolo wa nkhuni, kudzakhala pakhonde pake osanena kanthu. Ndinati ngakhale mkazi amene anayamba kumuloza anabwera.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, zomwe sizinali khalidwe lawo. Anangoti zikomo mwana wanga, n'kulowa m'nyumba. Lamulungu lake anavala chilundu chawo chatsopano n'kunena kuti tipite kutchalitchi. Panjira amapereka moni kwa alonda a m'mageti ngati akuwadziwa. Ine ndinanyada, ndinadziona ngati dokotala.

Lachitatu ndikuchokera kuntchito ndinapeza zovala zawo zitamangidwa m'chitenje pakona. Anati Loweruka akupita kwawo, mvula ili pafupi ndipo munda sunasoswe. Ndinaimbira alongo anga, anabwera m'mawa mwake ndi yunifomu yawo asanagone n'komwe. Anachonderera, anakalipa, anawakumbutsa miyala ija, anawauza kuti anthu amene aja akadali pomwepo ndipo palibe amene wapepesa. Amayi anangoti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Kenako anawonjezera kuti mnzawo uja anabwerera kwawo ndipo anthu anachita manyazi. Alongo anga anafunsa kuti mnzawo wake uti ameneyo. Ine ndinayang'ana pansi.

Masiku awiri otsalawo ndinasunga pakamwa. Ndimadziuza kuti asintha maganizo okha. Chilungamo chake n'chakuti ndimaopa nkhope yawo ndikawauza, ndiponso ndimachita manyazi ndi alongo anga, kuti amayi akukalowa m'kamwa mwa fisi chifukwa cha buku langa la pa chiguduli.

Loweruka m'mawa ndinawaperekeza ku depoti. Anyamata oitanira amakokerana katundu wathu, fumbi lili kobo, minibasi ikudzaza mwaulesi. Amayi anakhala pawindo, mtolo uli pamiyendo. Ine ndinaima panja. Dalaivala ataliza injini mawu anangotuluka okha.

"Amayi, tsikani. Ndinakunamizani. Bukulo silinathe choncho."

Anandiyang'ana osadabwa.

"Ndikudziwa," anatero. "Masiku onse umandiuza buku lili pamiyendo, ukusuzumiramo. Tsiku lija unalisiya m'chikwama."

Anafunsa ngati mnzawo uja anaphedwa, ndinati anamuotcha. Anafunsa ngati wakupha mwini chigayo anali iyeyo. Ndinati wolembayo akuti anali iyeyo.

"Wolembayo analipo?"

Ndinafotokoza, misozi ikutsika, kuti palibe amene analipo, nkhani yonseyo ndi yopeka, mzambayo sanakhaleko n'komwe.

"Ndiye iye wapeka, iwenso wapeka," anatero amayi. "Ine ndatenga yakoyo."

Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kunyamuka. Ndinathamanga nayo pang'ono ndikugwira windo, mpaka munthu wa wilibala anandikalipira kuti ndimuphetsa.

Palibe amene anawagenda. Chimene ndimaopa chinali chimenecho, ndipo sichinachitike. Chimene chinachitika sindinachiganizirepo. Anthu anangowasiya. Akapereka moni, wina amayang'ana kumbali ngati waitanidwa kwina. Akafika kumjigo akazi amasuntha ndi zidebe zawo, kudikira kuti atunge achoke, kenako n'kutsuka chogwirira. Kutchalitchi benchi yawo imakhala ndi malo ambiri. Kwathu m'mawa mkazi sawononga machesi, amatenga phale n'kukapala moto kwa mnzake amene wayamba kusonkha, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amafunsana za m'mene agonera. Amayi amadzuka m'mamawa kuposa onse, utsi wawo umayamba kukwera mudzi ukadali zii. Palibe anabwera kudzapala moto, ndipo nyumba ya mng'ono wawo inali yoti ukaitana mwana amva.

Analima munda wawo okha, chimanga chinabereka bwino. Ine ndimapita kumapeto kwa mwezi uliwonse, alongo anga amapita akapeza tsiku lopuma kuntchito. Ulendo uliwonse ndimapeza bwalo losesedwa mpaka kumsewu, ndipo masana amayala mphasa pakhonde, yaikulu yokwana anthu asanu, n'kukhala kumapeto kwake. Ndimawapempha kuti tibwerere ku tauni, amati ndisawatopetse. Za buku sitimakamba. Koma tsiku lina ndikumanga chikwama kuti ndizipita, anandifunsa mosayang'ana kuti m'nkhani yanga ija akazi aja anayamba kubwera patapita nthawi yaitali bwanji. Ndinati sindinanene. Anati chabwino, ndiye kuti nthawi ikadalipo.

Ndinalira njira yonse mpaka ku Old Town. Ndimadana ndi mudzi wathu, ndimadana ndi wolemba uja, koma koposa onse ndimadana ndi pakamwa panga.

Anadwala chibayo mwezi wa Juni, atangomaliza kukolola. Sitinadziwe. Foni yawo imakhala yozima kawirikawiri chifukwa kotchajitsa kunali kutali, ndiye itazima masiku atatu sindinatekeseke, ndinati ndiwaona kumapeto kwa mwezi. Alongo anga ndi amene mtima unawavuta, anapempha mnzawo awagwirire ntchito n'kukwera minibasi. Anawapeza pamphasa m'nyumba, atafunda bulangete, atapita kale. Utsi unali usanakwere pa nyumbayo masiku awiri, nkhuku zikulira m'khola osatsegulidwa. Mudzi wonse unaona zimenezo, ndipo aliyense anapitiriza ntchito yake.

Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndikanawauza mathero enieni Lachisanu lija, kodi bwenzi akadali moyo m'kanyumba ka ku Area 3, akusesa simenti, akunjenjemera ndi geti? Mwina bwenzi atafa ndi mtima mwezi womwewo. Alongo anga amati ndisiye, amayi anali munthu wamkulu, anasankha okha. Amanena bwino, koma iwo sanapeke kanthu. Ine yankho ndilibe, ndipo funsolo limandipeza paliponse, pa desiki, m'minibasi, pamzere wa kubanki.

Maliro kwathu sakanidwa, ngakhale a munthu amene simumamupatsa moni. Mwambo umati nyumba iliyonse ipereke kanthu kuti olira adye. Ndiye m'mawa wa tsiku loika ndinakhala pakhonde la amayi, n'kuona akazi a m'mudzi akutuluka m'nyumba zawo mmodzimmodzi, wina ndi mbale ya ufa, wina ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Amafika, kutula, n'kukhala pansi osanena kanthu, maso ali kumapazi. Amayi aang'ono anabwera chakumapeto, ndi ufa woyera wambiri kuposa wa onse. Mwana wamkazi wa malemu ndinali ine ndekha, ndiye ine ndi amene ndimalandira ndi manja awiri, ndipo aliyense ndinamuuza kuti zikomo.